Musanamutukwane nambala 10, yambani mwawerenga

Loweruka lina ndidakhala kumbali ya anthu wamba pa Mzuzu Stadium, kamvula kathu kowaza kaja kakugwa, timu yathu ikugonja 2-0. Kumbuyo kwanga kudakhala bambo wina wa jekete lachikopa amene kuyambira wezulo yoyamba mpaka yomaliza ankalimbana ndi munthu mmodzi: mnyamata wovala nambala 10.

"Mutulutseni ameneyo! Akungodya ndalama za timu!"

Otchinga kumbuyo akasokonezana, wolakwa nambala 10. Goloboyi akatuluka molakwika, nambala 10. Ngakhale pamene woyimbira adatikaniza penate, mkuluyo adapezabe njira yomulowetsamo mnyamatayo. Pofika madzulo chithunzi chake chidali chitazungulira m'magulu a WhatsApp, pansi pake atalembapo zoseketsa zimene sindingazibwereze pano.

Dzina la mnyamatayo ndilisunga, watukwanidwa kale mokwanira. Koma chigawo chachiwiri cha gemu ija ndidachita chinthu chimene sindidachitepo: ndidasiya kutsatira mpira, n'kuyamba kutsatira iyeyo, uku ndikulemba pafoni chilichonse chimene wachita. Kanayi konse adapereka mpira umene udasiya mnzake akuyang'anizana ndi goloboyi. Kawiri womwetsa zigoli wathu adauponya kumitambo, kamodzi adaterereka, kamodzi adali ataima pa ofusayidi ngati akudikira minibasi ya ku Luwinga. Pa bolodi padalembedwabe ziro, ndipo ziro ameneyo tidamusenzetsa nambala 10.

Ndiye funso langa lero ndi ili: timu ikamamira, wosewera mmodzi timamuyeza bwanji? Ine ndikuti ambiri a ife timayeza molakwika. Timatenga tebulo la ligi, lomwe limayeza timu yonse, akuluakulu ake, thumba lake ndi basi yake yomwe, n'kulisandutsa sikelo yoyezera miyendo ya munthu mmodzi. Kulakwitsa kumeneku kukutiwonongera ana aluso kuno kumpoto.

Tiyambe ndi nkhani ya mwana wa kwathu konkuno. Mu 2017 Tabitha Chawinga, mtsikana wa ku Rumphi, ankasewera mu ligi yaikulu ya amayi ku Sweden, m'timu ya Kvarnsveden. Adamwetsa zigoli 26, kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Timu yakeyo? Idatuluka mu ligi chaka chomwecho. Tangoganizani bambo wa jekete lachikopa uja atakhala pabwalo la ku Sweden: akadakuwa kuti mtsikanayu ngwachabe, timu yake ikumira. Koma anthu odziwa kuyeza adaona zina. Jiangsu Suning ya ku China idamutenga mu 2018. Atapita ku Inter Milan adamwetsa zigoli 23 n'kutsogola mu ligi ya ku Italy, ku Paris Saint-Germain adatsogolanso mu ligi ya ku France, kenako Lyon idamutenga. Tebulo lidati walephera. Zigoli zidati ayi.

Mwina muti Tabitha ndi wapadera, sitingamuyerekeze ndi anyamata a pa Mzuzu Stadium. Chabwino, tiyeni tibwere pafupi. Khuda Muyaba tidamuonera pano atavala yunifolomu ya Moyale Barracks. Adali dolo, inde, koma ndi angati kumwera ndi pakati amene ankamuwerengera m'gulu la akatswiri enieni? Atalowa Silver Strikers, mu 2019 adamwetsa zigoli 21 n'kukhala womwetsa zigoli zambiri mu TNM Super League. Kenako adapita ku Polokwane City ku South Africa, ndipo adali m'gulu la Flames imene idafika ndime ya matimu 16 ku Afcon ya ku Cameroon. Miyendo idali yomweyo imene inkathamanga ku Kaning'ina. Chidasintha ndi omupatsa mpira, bwalo lochitira zokonzekera, komanso maso a anthu omuonera.

Ndipo Moyale yomweyo idatipatsa kale Gastin Simkonda, amene mu 2014 adaposa onse pomwetsa zigoli mu ligi. Luso pano lilipo, silidayambe lasowapo. Komabe chiyambire Super League mu 1986 palibe timu ya chigawo cha kumpoto imene idatengapo ligi. Mukamva zimenezi mwina mungathamangire kunena kuti osewera athu ngoperewera. Nanga bwanji omwewo akawoloka Jenda amakawala?

Vuto limeneli si la mpira wathu wokha. Ku America kuli mpira wina uja amaugwira ndi manja atavala zipewa zolimba. Kumeneko kuli wosewera amene amamutcha quarterback: iye ndiye amalandira mpira poyamba n'kusankha woti amuponyere, ndipo timu ikagonja dzina loyamba kutchulidwa ndi lake. Tingoti ndi nambala 10 wawo. Matthew Stafford adatengedwa ndi Detroit Lions mu 2009, timuyo itangogonja magemu ake onse 16 a chaka cha 2008. Adakhalako zaka 12 osapambanako ngakhale gemu imodzi ya ndime yachipulula. Anthu adatsutsana zaka zonsezo: kodi ndi katswiri amene ali m'timu yofooka, kapena iyeyo ndiye akuifooketsa? Mu 2021 adapita ku Los Angeles Rams, ndipo mu February 2022 adatenga nawo Super Bowl, chikho chachikulu kuposa zonse kumeneko, atagonjetsa Cincinnati Bengals 23-20. Chaka choyamba chenicheni. Mkono udali womwewo umene unkatukwanidwa ku Detroit.

Tsono tisanatsegule pakamwa, tione kaye katundu amene wosewera wa timu ya kuno amasenza asanagunde n'komwe mpira. Kuchoka ku Mzuzu kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 600. Kwa zaka zambiri matimu a kumpoto akhala akuyenda ulendo umenewu pabasi, kusewera Loweruka, kugona m'malo otchipa, n'kuseweranso Lamulungu kapena patangopita masiku ochepa, kuti ulendo umodzi uphe magemu awiri. Anzawo akuchokera kunyumba kwawo, atadya bwino, atagona pabedi pawo. Kubwerera kuno, bwalo lathu mumalidziwa: nthawi ya mvula matope, nthawi ya dzuwa mpira umadumpha ngati chule. Wosewera pakati amene ntchito yake ndi kutsetsereza mpira pansi ndiye amavutika kwambiri pabwalo lotere, chifukwa pasi yabwino imafuna nthaka yomvera.

Pamwamba pa izo pali nkhani ya m'thumba. Mzuni FC inkathandizidwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Mzuzu. Thandizolo litatha idasanduka Mzuzu Warriors, ndipo mu 2021 idatuluka mu ligi. Kodi anyamata onse aja adaiwala mpira pakamodzi? Ayi. Munthu amene mutu uli pa lendi ya ku Chibavi ndi ufa wa mawa sangathamange mphindi 90 ngati mnzake amene malipiro ake amalowa tsiku lake.

Hammers nayo yatiphunzitsa zambiri. Ikadali Ekwendeni Hammers, mu 2021 idafika ndime yomaliza ya FDH Bank Cup n'kugonja kwa Silver Strikers. Mu 2024, itasintha dzina kukhala Mzuzu City Hammers, idathera pa nambala 4 mu ligi ndipo idafikanso ndime yomaliza ya Castel Challenge Cup, komwe idagonja kwa Mighty Wanderers. Tonse timadziwa chimene chimatsatira timu yaing'ono ikachita bwino chonchi: matimu a ndalama amabwera kudzathyola zakupsa. Wotsala amayamba sizoni ina ndi anzake atsopano amene sadziwa n'komwe kuti iye amakonda kuponyera mbali iti. Zotsatira zikatsika, ife timaloza amene watsalayo, ngati kuti kutsala kwake ndi mlandu.

Pano wina andifunsa: ndiye ukutanthauza kuti wosewera wa timu yovutika tisamamudzudzule? Ayi ndithu. Alipo ena amene amabisala m'mavuto a timu ngati nsikidzi m'mphasa. Amayenda m'bwalo manja ali m'chiuno, akudziwa kuti tikagonja tinena za basi ndi malipiro. Amenewo kuwadzudzula n'koyenera. Chimene ndikukana ndi kudzudzula kwa maso otseka. Pali njira zosiyanitsira wolimbika ndi wobisala, ndipo sizifuna kompyuta ya ku Ulaya. Zimafuna maso anu ndi foni yomwe mwagwirayo.

Choyamba, yezani zimene zili m'manja mwake. Nambala 10 ntchito yake ndi kupereka mpira pamalo oyenera, panthawi yoyenera. Kulowetsa muukonde ndi ntchito ya wina. Pasi yabwino imakhalabe yabwino ngakhale wolandirayo auponye ku Katoto. Werengani mipata imene wapanga, osati zigoli zimene anzake aphonya. Chimodzimodzi goloboyi: wa timu yamphamvu amatha gemu yonse atagwira mipira iwiri, wa timu yofooka amawomberedwa kosalekeza. Akalowetsa zitatu atatchinga zisanu ndi ziwiri, amene uja wakupulumutsani ku manyazi, mugulireni chakumwa.

Chachiwiri, onani gawo lake pa zimene timu yakolola. Wosewera amene wamwetsa zigoli 8 m'timu imene yonse yamwetsa 20 wasenza katundu wolemera kuposa amene wamwetsa 12 m'timu ya zigoli 55. Pamndandanda wa omwetsa zigoli wa 12 uja ndiye amakhala pamwamba, koma wa 8 uja otchinga kumbuyo onse a mu ligi amadziwa kuti ukamutseka iyeyo watseka timu yonse. Amamuika anthu awiri, nthawi zina atatu. Chigoli chilichonse amachipeza ndi thukuta lowirikiza.

Chachitatu, muonereni pamene alibe mpira. Pa mphindi 90 wosewera mmodzi amakhala ndi mpira kumapazi kwa mphindi zochepa kwambiri. Nthawi yotsalayo amakhala akuthamanga, akutseka njira, akudzionetsa kuti apatsidwe. Kamera ya pa TV ndi timavidiyo ta pa Facebook timatsatira mpira, ndiye ntchito imeneyi sitimaiona. Koma inu amene muli pabwalo muli ndi mwayi. Mpira ukatayika, amabwerera kudzathandiza kapena amaima n'kumakweza manja? Mnzake akapanikizidwa pakona, amathamangira kukamupatsa potulukira kapena amabisala kumbuyo kwa mdani?

Chachinayi, ndipo kwa ine ichi ndiye chachikulu, muoneni timu ikamagonja. Aliyense amafuna mpira pamene tikutsogola 3-0 ndipo ng'oma zikulira. Koma tikatsalira 2-0, masapota atayamba kutukwana, osewera ambiri amauthawa mpira ngati khala la moto. Amene amaupemphabe panthawi imeneyo amalakwitsa kwambiri kuposa anzake, pachifukwa chimodzi chokha: ndi yekhayo akuyesa. Zolakwa zake timaziona, za wobisala sitiziona chifukwa sadaugunde n'komwe. Timamaliza gemu titatukwana wolimba mtima, wamantha akutuluka osatchulidwa dzina.

Chachisanu, funsani ngati akukula. Zolakwa za mwezi wa April akuzibwerezabe mu October? Apa ndiye palibe chowiringula. Basi yoipa siikuletsa kuphunzira kuyang'ana kumbuyo usanalandire mpira. Bwalo lamabampu silikuletsa kuphunzira kumenya ndi mwendo wamanzere.

Tsono ndibwerere kwa nambala 10 wanga uja, ndimuyeze ndi sikelo yomweyi, chifukwa sindidabwere kudzamuyeretsa. Pa mipata, wakhoza: inayi m'chigawo chimodzi si masewera. Pa mtima, wakhoza: mphindi 85 zitakwana adali akukuwirabe anzake kuti amupatse mpira. Koma ali ndi matenda ake. Amaukonda mpira mopitirira muyeso. Pamene pasi yapafupi ilipo, iye amafuna kudutsa anthu awiri kaye. Chigoli chachiwiri chija chidayambira pa iye: adachedwa nawo pakati, adalandidwa, ndipo m'malo mothamangitsa wolandayo adayamba wayang'ana kwa woyimbira kupempha faulo. Masekondi awiri amenewo ndiwo adatipha. Ndikadakhala mphunzitsi wake, Lolemba tikadakhala pansi n'kukambirana za masekondi awiri amenewo.

Komanso ndikudziwa kumene matendawa amachokera. Mnyamata amene wapereka mipira yabwino masabata ambiri n'kumaona ikutayidwa amayamba kukhulupirira kuti akapanda kuchita yekha palibe achite. Amayamba kusenza denga ndi mutu umodzi. Ndi chizolowezi choipa, ndipo akapita nacho ku timu yaikulu adzakhala pabenchi, monga achitira ambiri amene adachoka kuno ndi mbiri n'kukazimiririka ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Koma ndi chizolowezi chochizika. Pa 10 ndikadamupatsa 6 tsiku limenelo. Bambo wa jekete lachikopa adamupatsa ziro. Pakati pa 6 ndi ziro pali tsogolo la munthu.

Ndikunena za tsogolo chifukwa mawu athu sathera pabwalo. Kale ukatukwana wosewera, mphepo ya ku Viphya inkauluza mawuwo. Lero timawalemba, ndipo amakhala. Mnyamata uja ali ndi foni ngati yanuyo. Amawerenga ndemanga iliyonse, mayi ake ku Mchengautuwa amamva kwa aneba, mng'ono wake amasekedwa kusukulu. Akuluakulu a timu, amene nawonso amafuna woti amuloze chala kuti anthu asafunse za ndalama, amapeza nkhani yophikaphika: masapota sakumufuna. Mphunzitsi woopa kuchotsedwa ntchito amamukhazika pabenchi. Sizoni ikatha kontirakiti yake saiwonjezera. Chaka chamawa mudzamupeza akupalasa kabaza pa Chiputula, inu n'kumati, "Koma ujeni uja ankautha mpira, chidachitika n'chiyani?" Chidachitika ndi ife.

Ndipo tinene zoona, achinyamata anzanga: mkwiyo wina umene timautulutsa pa osewera si wa mpira ayi, ndi wa tikiti. Wabetcha ndalama ya bandulo kuti timu yakwanu iwina, yagonja, ndiye ukufuna munthu woti alipire. Mnyamata uja sadakutume kubetcha. Tikiti yako ikapsa, limbana ndi chala chako chimene chidadina.

Atolankhani ndi oyendetsa mpira nawonso ali ndi gawo lawo. Zimene timaziona kawirikawiri gemu ikatha ndi zotsatira, omwetsa zigoli ndi tebulo. Zinthu zitatu zimenezi zimakomera matimu a pamwamba ndi osewera kutsogolo. Wopereka mpira wa chigoli, wotchinga amene walanda mipira yambiri, goloboyi amene wapulumutsa timu, onsewa amasowa powonekera. Sulom ndi matimu atamafalitsa manambala amenewa sabata iliyonse, mikangano yathu ya pa Facebook ikadakhala ndi mutu, ndipo mphunzitsi wa Flames akadakhala ndi chifukwa chokwerera basi kubwera kudzaonera mwana wa timu imene ili pa nambala 14. Pa matimu 16 a mu ligi, atatu amatuluka chaka chilichonse. M'matimu atatu amenewo mumakhala osewera oposa 60. Mukufuna kundiuza kuti mwa onsewo mulibe ngakhale mmodzi woyenera kutsala? Ku Sweden adamuona Tabitha timu yake ikumira. Ife tikadamuona?

Pamene tikudikira akuluakuluwo, ntchitoyi tingathe kuiyamba tokha. Pano pa Mzuzu pali achinyamata ambirimbiri amene amadziwa manambala a osewera a Arsenal ndi Manchester United kuposa tsiku lobadwa la agogo awo. Amatha kukuuza kuti wakuti wapereka mipira ingati ya zigoli ku England, koma ukawafunsa za mnyamata amene amakwera naye minibasi imodzi, yankho ndi lakuti "ndi wachabe basi". Luso lowerengalo tili nalo kale. Tangolibweretsani kunyumba.

Gemu ikubwerayi yesani izi. Sankhani wosewera mmodzi, makamaka amene mumamuda kwambiri. Kwa mphindi 45 musamuchotse diso. Lembani pafoni: walandira kangati, wataya kangati, wapanga mipata ingati, wabwerera kangati kudzathandiza kumbuyo. Mukatero lembani maganizo anu pagulu lanu lija, manambala ali pambali. Mwina mudzapeza kuti mumanena zoona, mnyamatayo ngwaulesi. Pamenepo mudzudzuleni, ndipo ine ndidzakhala mbali yanu. Koma mwina mudzapeza zimene ndidapeza ine.

Bambo wa jekete lachikopa uja ndidakumana nawo potuluka pageti. Ndidawaonetsa foni yanga, mipata inayi ija italembedwa ndi mphindi zake. Adayang'ana nthawi yaitali, n'kundibwezera foni.

"Ndiye bwanji sitidagoletse, achimwene?"

Ndidawauza kuti funso limenelo ndi labwino kuposa onse amene adafunsa tsiku lonse, koma woyenera kuliyankha si nambala 10 yekha.